Nkhumba Sitidya, Nanga Mbuzi Yathu Yapsa?

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza alamu anga atakhala pakhonde, kapepala kali m'manja, akutafuna dothi ngati munthu akudya mtedza wokazinga. Anali ndi pakati pa miyezi isanu. Chapoteropo, pansi pa nkhokwe, mphaka wathu anali mtulo atakhuta mbewa.

"Alamu, dothilo mwalitenga kuti?"

"Kumsika, mlamu. Musandiletse, mwanayu ndi amene akulifuna."

Tinaseka tonse. Madzulo achimwene anafika ndi kanyenya wa mbuzi wokulunga m'nyuzipepala, wapamwamba wakuda bii, wam'kati wofiira. Anayamba kupatsa akazi awo, monga mwamuna wachikondi amachitira. Apa m'pamene ndinakumbukira mawu amene aphunzitsi athu analemba pabolodi m'phunziro la ana ofunika chithandizo chapadera. Ankatchula zinthu zimene zimavulaza mwana asanabadwe: chindoko, rubella, mowa, ndi dzina lina lalitali, toxoplasmosis. Ndinalikopera m'kope chifukwa cha mayeso basi, mayeso atatha n'kuliiwala. Tsiku limenelo dothi, mphaka ndi nyama yosapsa zinali pabwalo limodzi, ndipo bwalolo linali la banja la Chiadiventi limene poto wake sanaphikepo nkhumba chiyambire.

Ife a Sabata timanyadira uthenga wa zaumoyo, ndipo m'pomveka. Koma ndikuona kuti ambiri a ife tinaufupikitsa kukhala mndandanda wa zimene sitidya. Munthu akasiya nkhumba, mlamba, tiyi ndi khofi amadziona kuti wamaliza. Matenda amene ndikulemba panowa amadutsa pambali pa mndandanda wonsewo, ndipo amene amavulala nawo kwambiri ndi mwana amene sanasankhe kalikonse.

Toxoplasmosis amayamba ndi kachilombo kotchedwa Toxoplasma gondii. Si nyongolotsi yoti mungaione ndi maso. Ndi kachilombo ka selo imodzi, kachibale ka kachilombo ka malungo. Kadapezeka mu 1908, pamene Charles Nicolle ndi Louis Manceaux adakaona ku Tunis m'kanyama konga mbewa kotchedwa gundi, ndipo chaka chomwecho Alfonso Splendore adakaona mwa kalulu ku Brazil. Mu 1939 madokotala a ku New York adatsimikiza kuti kadapha khanda limene lidakatenga lili m'mimba. Padadutsa zaka zina makumi atatu, mpaka 1970, kuti asayansi azindikire kuti kachilomboka kamaswanirana m'matumbo a mphaka. Lero akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi adakatengapo. Werengani anthu a pa benchi yanu Sabata likudzali.

Ambiri sadziwa n'komwe. Ena amatuluka mwanabere pakhosi, thupi kutentha ndi kuphwanya kwa masiku angapo, ife n'kumati ndi malungo, kumwa Panado, nkhani yatha. Kachilombo sikachoka ayi. Kamadzitsekera m'titimatumba m'minofu ndi muubongo n'kukhala phee moyo wonse, chitetezo cha m'thupi chikukalondera. Chitetezocho chikagwa, monga mwa munthu amene HIV yamufooketsa kwambiri, kamadzuka n'kuyambitsa zotupa muubongo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anzathu amene ali ndi HIV amalandirira Bactrim kuchipatala.

Ulendo wake umayenda motere. Mphaka akadya mbewa, mbalame kapena nyama yaiwisi yokhala ndi kachilomboka, amatulutsa timazira take mamiliyoni m'chimbudzi chake kwa sabata imodzi mpaka zitatu. Nthawi zambiri amatero ulendo woyamba kukatenga, ndiye amphaka aang'ono ndi amene amawaza kwambiri. Timazirato sitipatsira matenda tsiku lomwelo. Timafuna tsiku limodzi mpaka asanu kuti tikhwime, koma tikakhwima timatha kukhala moyo m'dothi lachinyezi kupitirira chaka. Ndipo mphaka ndi nyama yaukhondo mwa njira yake: amafuna dothi lofewa kuti akwirire. Dothi lofewa pakhomo lili kuti? Pabedi la mpiru kudimba, pamulu wa mchenga womangira pamene ana amasewera, m'maluwa a kuseri kwa nyumba. Mvula ikagwa imakokolera timazirato kuchitsime ndi kumtsinje. Mbuzi ikudya msipu imameza, nkhuku ikupalasa imameza, ndipo timatumba tija timakakhala m'nyama yawo kudikira ife.

Mayi amene adakatenga kale asanaime nthawi zambiri amakhala ndi chitetezo chimene chimatchinjiriza mwana wake. Ngozi ili pa mayi amene wakatenga koyamba ali woyembekezera. Kachilombo kamayenda m'magazi ake, kufika pa nsengwa imene imadyetsa mwana, ndipo kamatha kuwoloka. Chodabwitsa n'chakuti kuwoloka ndi kuvulaza zimayenda mosemphana. M'miyezi itatu yoyamba kamawoloka mwa apo ndi apo, mwina mwa mwana mmodzi pa khumi kapena kuposerapo pang'ono, koma kakawoloka kamapeza ubongo ndi maso zikungoumbidwa kumene. Mimba imatha kupita padera, mwana amatha kufera m'mimba, kapena kubadwa ndi madzi m'mutu, zipsera muubongo ndi mabala kuseri kwa diso. M'miyezi yomaliza kamawoloka mwa ana oposa theka, koma ambiri amabadwa ooneka bwinobwino. Azamba amamuyeza, agogo amalulutira, mwana amadalitsidwa kutchalitchi, palibe woona kanthu.

Apa ndi pamene pamandiwawa ine ngati mphunzitsi wa mawa. Ana ambiri obadwa ndi kachilomboka saonetsa chizindikiro chilichonse tsiku lobadwa. Chakudza sichiyimba ng'oma. Patapita miyezi kapena zaka, chipsera cha kuseri kwa diso chija chimatukusira, mwana n'kuyamba kuona mwachimbuuzi. Wina amavutika kumva, wina amagwa khunyu, wina amangochedwa kugwira zinthu m'kalasi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 m'magazini ya World Health Organization adayerekeza kuti chaka chilichonse ana pafupifupi 190,000 padziko lapansi amabadwa ndi matendawa.

Tonse tinaphunzirapo ndi mwana wina wokhala kumbuyo, wotsinzina diso limodzi poyang'ana pabolodi, wokopera zolakwika tsiku ndi tsiku. Tinkamutcha waulesi, ena mbuli, ndipo aphunzitsi otopa ndi kalasi ya ana 90 ankamusiya. Sindikunena kuti mwana aliyense wotere ndi wa toxoplasmosis. Njala, malungo a muubongo, kubanika pobadwa ndi kungosowa magalasi zimachita zomwezo. Ndikunena kuti zina mwa zimene tidzalimbana nazo mu Sitandade 2 zinayambira pakhonde zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, ndipo mphunzitsi amafika mochedwa. Chimene ndingachite m'kalasi ndi kumukhazika kutsogolo ndi kuuza makolo apite naye kukayezetsa maso. Diso limene lapsa kale sindingalibweze.

Tsopano nkhani ya nkhumba. Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 1999, ofufuza a ku Maryland, ku America, adayeza magazi a Aadiventi ndi a anthu ena a m'dera lomwelo. Mwa Aadiventi, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi amene adapezeka kuti adakatengapo kachilomboka, pamene mwa enawo anali awiri mwa asanu. Nditawerenga izi ndinamva kukoma, sindibisa. Koma taganizani bwino. Ambiri mwa abale athu a kumeneko sadya nyama ina iliyonse. Ife kuno timadya mbuzi, nkhosa ikapezeka, ndi nkhuku yachikuda imene yakhala ikupalasa kuseri kwa nkhokwe moyo wake wonse. Pa nyama zimene zimasunga kwambiri kachilomboka, mbuzi ndi nkhosa zili limodzi ndi nkhumba. Ng'ombe ndiyo imakasunga pang'ono. Levitiko 11 amatiuza nyama yoyenera kudya, koma kuti yapsa kapena ayi ndi nkhani ya wophika. Komanso musaiwale mmodzi mwa asanu uja. Kusadya nyama kumatseka khomo limodzi. Anzathu a pano pakoleji amene anasiyiratu nyama amadyabe saladi wa kabichi ndi tomato pachiwaya, ndipo palibe amafunsa kuti kabichiyo watsukidwa ndi madzi otani.

Amayi athu tiwayamikire: nyama yowiritsa mpaka kufewa, monga amaphikira kumudzi, ilibe vuto. Moto umapha kachilomboka. Akatswiri amati m'kati mwa nyama ya nthuli mufike madigiri 63, ya nyama yogaya 71, ya nkhuku 74. Kukhitchini kwathu kulibe choyezera, ndiye dulani nthuli yaikulu kwambiri muone: pasakhale pofiira, msuzi wake usatuluke wamagazi. Vuto lili pa kanyenya wowotcha mothamanga kuti ogula asadikire, pa soseji, ndi pa kachizolowezi kolawa nyama ili pamoto. Lilinso pampeni. Mpeni womwe wadula nyama yaiwisi umapita pa tomato wa saladi osatsukidwa, manja omwe atsuka matumbo a mbuzi amatola kachidutswa ka chinangwa n'kuponya m'kamwa. Paukwati, pamaliro, ngakhale kumisasa, amene amakhala pa ntchito imeneyi ndi amayi, ndipo woyembekezera amapatsidwa yodula nyama poti ndi yokhala pansi, akuti yopepuka. Mkaka wa mbuzi wosawiritsa nawonso umapatsira. Kuumitsa nyama mufiriji yozizira kwambiri kwa masiku angapo kumapha tizilombo tambiri, koma ndi magetsi ozimazimawa ine ndingadalire moto.

Za madzi zinandidzidzimutsa. Chiyambire kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tinaphunzira kuthira klorini m'ndowa, ndipo tisasiye, chifukwa kolera amaphedwa nayedi. Koma timazira ta Toxoplasma tili ndi chikamba cholimba chimene klorini wa m'madzi akumwa sachilowa. Mu 1995 mumzinda wa Victoria ku Canada, anthu okwana 100 adatsimikizika kuti adwala toxoplasmosis kuchokera m'madzi a m'mipope, madzi othiridwa mankhwala koma osasefedwa, ndipo akuti amene adakatenga osadziwa anali masauzande. Ngati zidachitika ku Canada, chitsime chosavindikira cha kudambo chili pati? Kwa mayi woyembekezera amene amamwa madzi a pachitsime kapena mumtsinje, njira yodalirika ndi kuwiritsa.

Dothi ndiye nkhani yovuta kuikamba, chifukwa siimveka ngati ngozi. Imamveka ngati mwambo wa pakati, chinthu choseketsa chimene amuna amagulira akazi awo pobwera kuntchito. Ena amakonda la pachulu, ena la pakhoma, ena logula m'timapepala. Wogula saona kumene linakumbidwa kapena pamene linayanikidwa. Amangomva fungo lake n'kudontha malovu. Chilakolako chimenechi si chibwana, ndipo kukalipira mayi sikuchichotsa. Kawirikawiri chimayenda limodzi ndi kuchepa kwa magazi m'thupi. N'chifukwa chake mayi wolakalaka dothi ayenera kuwauza anamwino kusikelo mosachita manyazi, ayezedwe magazi, ndipo mapiritsi owonjezera magazi aja azimwa m'malo mowasunga pawindo. Dothi limabweretsanso mazira a nyongolotsi, zimene zimachepetsa magazi omwewo. Munthu akudya dothi chifukwa magazi achepa, dothi n'kuwachepetsanso.

Mnzanga wina amene akuphunzira unamwino nditamuuza kuti ndikulemba izi anandifunsa funso labwino. Anati amayi athu akufa ndi kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi ndi malungo, nanga bwanji kuwaonjezera mantha ndi matenda amene ngakhale kusikelo sayeza? N'zoona, kusikelo amayeza HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi, amapereka katemera wa kafumbata, neti ndi Fansidar wa malungo, koma toxoplasmosis sali pa mndandanda wa masiku onse. Ku France, kuyambira 1992, mayi woyembekezera amene magazi ake aonetsa kuti sanakatengepo amayezedwa mwezi uliwonse mpaka kuchira. Austria idayamba kuyeza m'zaka za m'ma 1970. Koma Britain, dziko lolemera, idaunika nkhaniyi n'kusankha kusayeza amayi onse. Ngati olemera sagwirizana, ine sindingaime pano n'kumalamula kuti boma lathu lichotse ndalama ku malungo lipititse kumeneku. Mankhwala alipo, spiramycin kwa mayi, pyrimethamine ndi sulfadiazine pamodzi ndi folinic acid pamene mwana wakhudzidwa, ndipo khanda limamwa kwa chaka chathunthu. Zimenezi ndi za dokotala, si zogula pagolosale. Katemera wa anthu kulibe. Wa nkhosa ndiye alipo.

Yankho langa kwa mnzangayo ndi lomweli: poti sitiyeza, ndiye kupewa ndi chokhacho chili m'manja mwathu. Ndipo sitikupempha mayi chinthu chachilendo. Kusamba m'manja ndi sopo pochokera kudimba ndi pomaliza kudula nyama, kutsuka masamba ndi zipatso ndi madzi abwino, kupsetsa nyama, kuwiritsa madzi ndi mkaka, zonsezi zimatchinganso kolera, taifodi ndi nyongolotsi. Ndikudziwa kuti makala akwera mtengo ndipo kuwiritsa madzi a banja lonse tsiku lililonse si masewera. Koma madzi akumwa a munthu mmodzi kwa miyezi isanu ndi inayi, banja lingawapezere moto ngati laona kuti n'zofunika.

Chonde, wina asawerenge izi n'kukatenga chibonga. Mphaka kwathu kuno ali kale pamlandu wa ufiti umene sanapalamule, tisamuonjezere wina. Kumusisita si njira imene anthu ambiri amatengera matendawa, ndipo mukamupha makoswe adzalowa m'nkhokwe, inu n'kukatenga kamwana ka mphaka, kamene ndiye kowaza timazira kwambiri. Chanzeru n'kusabweretsa mphaka watsopano pakhomo pamene pali woyembekezera, kusamupatsa nyama yaiwisi, ndi kuvindikira mchenga umene ana amaseweretsa. A m'tauni amene mphaka wawo amadzithandizira m'kabokosi, azitaya tsiku lililonse timazira tisanakhwime, ndipo wotayayo asakhale mayi woyembekezera.

Pali chinanso chimene ndikuopa kuposa chibonga. Mwana akabadwa ndi mutu waukulu kapena wosaona, pamudzi pamayamba kufufuza wolakwa. Ena amati walodzedwa, ena amati mayi anayenda njira zosayenera, ndipo ngakhale mumpingo mumamveka manong'onong'o akuti pali tchimo lobisika. Ophunzira a Yesu adafunsa funso lomwelo pa Yohane 9 ataona munthu wobadwa wosaona, ndipo Iye adakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake. Sindikufuna kuti nkhani yangayi ikhale ndodo yatsopano yokwapulira amayi, yakuti unadya dothi ndiwe, unagwira mphaka ndiwe. Madzi m'mutu amabwera ndi zifukwa zambiri, kawirikawiri matenda amene khanda limadwala litabadwa kale, ndipo chofunika ndi kuthamangira kuchipatala mutu ukayamba kukula mosayenera. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre amachita opaleshoni ya ana otere. Komanso tinene zoona, mayi woyembekezera sasankha yekha zochitika pakhomo. Wogula kanyenya ndi bambo. Wotuma kudimba ndi apongozi. Wosankha kuti makala apite ku madzi akumwa kapena ku madzi osamba a bambo si iye. Achimwene anga a m'kalasi, inu amene mukuyang'anayang'ana ku kwaya, nkhaniyi ndi yanu.

Mpingo wathu uli ndi zonse zofunika kuti uthenga uwu ufike. Takhala tikulalikira zaumoyo kuyambira 1863, tili ku Malamulo kuyambira 1902, ndipo buku la The Ministry of Healing la 1905 lidakamba kale za kusamala mayi ndi mwana asanabadwe. Pa Deuteronomo 23 ana a Israeli adalamulidwa kukumba ndi kukwirira zonyansa kunja kwa msasa, kusonyeza kuti dothi ndi zimene zimalowamo si nkhani yachilendo m'Baibulo. Koma ine chikulireni mumpingo, kusekondale ya mpingo mpaka pano, mphindi za zaumoyo ndazimva zikubwereza nkhumba, zakumwa zoledzeretsa ndi makapu asanu ndi atatu a madzi. Sindinamvepo wina akuti madziwo akhale owiritsa kwa woyembekezera, kapena kuti mbuzi ipse. Pa chilangizo cha ukwati mtsikana amauzidwa zambiri za kusamala bambo, za mpeni ndi tomato palibe. Amayi a Dorika amayendera odwala ndi oyembekezera nyumba ndi nyumba, ndipo akanati anyamule mfundo zinayi zokha, za nyama, dothi, madzi ndi manja, akanafika kumene namwino safika. A dipatimenti ya zaumoyo pano pakoleji angathe kupempha anzathu a zachipatala atikambire Sabata limodzi masana. Ifenso a maphunziro tidzaphunzitsa sayansi ndi ulimi kwa atsikana amene ena mwa iwo adzakhala amayi pasanathe zaka zisanu chimalizire sukulu, ndipo tikamawatuma kudimba la sukulu tingathe kuika ndowa ndi sopo pachipata.

Kwathu ndinayesa. Amayi anandiyang'ana n'kuti, "Iwe, tonse tinakubalani tikudya dothi lomweli, walumala pati?" Ndinalibe chowayankha chachangu, chifukwa n'zoona kuti ambiri amapulumuka, ndipo opulumukawo ndi amene amakhala ndi mawu. Achimwene anaseka kuti sukulu yandipatsa mantha, koma mawa lake kanyenya anafikira mupoto, kuwiritsidwanso ndi tomato, ndipo anadandaula kuti wataya kukoma. Alamu anavomera kuti akawauza anamwino za dothi. Atabwerako anati awapeza ndi magazi ochepa, ndipo awapatsa mapiritsi ena. Kudimba tsopano amapita mng'ono wanga. Dothilo akuti anasiya, ngakhale tsiku lonyamuka ndinaona kapepala kodziwika kaja kakusuzumira pamfundo ya chitenje chawo. Akuyembekezeka kuchira mwezi wamawa, pamene ife tidzakhala tili pakati pa mayeso.